Palibe Bala, Dona

Ntchito ya kunyumba ya okalamba anandipezera ndi alamu anga a Eness, achemwali awo aakulu a mwamuna wanga. Iwo ndi namwino pamalopo, wa mapepala ake. Ine ndimangosambitsa, kudyetsa ndi kusintha zofunda. Tinkakhalanso m'nyumba mwawo ku Cannington, mumzinda wa Perth, chipinda chakumbuyo choyang'ana kunjanji, chifukwa mwamuna wanga, a Overstone, amatha masabata awiri ali kumgodi kumpoto, n'kubwera sabata imodzi yokha. Anati mkazi ndi khanda sangakhale okha m'dziko la eni. Mwana wathu Chiza anali ndi miyezi isanu ndi iwiri, akuyamwabe. Masiku a shifiti ndinkamusiya kosungira ana, mkaka nditafinyira m'timabotolo, wina n'kuumitsa mufiriji.

M'nyumba ya eni makutu amakula. Ndinkadziwa mmene tsiku la alamu layendera pongomva mmene aikira makiyi a galimoto patebulo. Akawaika bwinobwino, ndinkatuluka ndi mwana kudzawalonjera. Akawaponya, ndinkatseka chitseko n'kumuika Chiza kubere kuti asalire.

Ankakonda kundiseka pa nkhani ya makapu. Makapu anga awiri ndi kapoto kophikira phala, zogwirira zake ndinazikulunga ndi tinsanza ta chitenje chakale.

"Mlamu, makapu akowa akupita kuchinkhoswe cha ndani? Mpaka kuwamangitsa duku?"

Ndinkaseka nawo, n'kunena kuti manja anga sachedwa kupsa.

Mwezi wa Meyi, kutayamba kuzizira, m'chipinda nambala 14 munalowa gogo wina wachizungu, Mayi Aldous, atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 91. M'fayilo analemba kuti mutu unayamba kusokonekera, ndipo m'mawa amayankhula zosamveka. A Eness atapita kukawapatsa mankhwala anabwerako akuseka mpaka kugwira khoma.

"Zosamveka zake ziti? Ndi Chinyanja chimenechija, cha m'Baibulo lakale! Akuti kwa ine, 'Namwali iwe, dza kuno.' Ine namwali, ndi ana atatu! Akuti anali namwino wa mishoni kwathu nthawi ya atsamunda."

Manijala atamva anati chipinda chimenecho chikhale changa m'mawa uliwonse.

Tsiku loyamba ndinalowa ndi beseni ndi matawulo, ndinatsegula makatani. Anali kamunthu kochepa, khungu ngati pepala lonyowa, koma maso ali tong'o. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Iwe. Onetsa manja."

Manja anatsogola, mutu n'kubwera pambuyo. Ndinaika beseni pansi, ndinayala zikhatho, ndinazitembenuza, ndinatambasula zala, ndinanyamula phazi lamanzere, kenako lamanja. Ndiye pakamwa panga panatuluka mawu amene ndinali ndisanawanene kwa zaka khumi ndi ziwiri.

"Palibe bala, Dona. Mulungu wandisunga."

Anagwedeza mutu. "Pita. Wotsatira."

Ndinasuzumira kuchitseko. Munjira munalibe munthu. Ndinawasambitsa, sopo anandipulumuka kawiri.

Mawu amenewo sali m'buku lililonse. Ndi a ku Chitimbe, mishoni ya akhate, ndipo anandiphunzitsa ndi agogo anga a Nachisale. Anawapititsa kumeneko ali ndi zaka khumi ndi zisanu, atawapeza ndi banga loyera pamsana. Amalume awo anawaperekeza mpaka pageti, akuyenda patsogolo kuti mphepo ya mtsikanayo isawawombe, n'kubwerera osatsanzika. Pagetipo nsalu zawo zinatenthedwa, anapatsidwa diresi ya kaki ndi kachitsulo ka nambala kovala m'khosi. Odwala ankakhala kuseri kwa waya, amuna kwaokha, akazi kwaokha. Tchalitchi chinali ndi makomo awiri ndi khoma pakati, moti mlaliki ankangomumva mawu. Wolemba kalata kwawo, kalatayo inkayamba yasitidwa ndi simbi yamoto, ndipo mayankho sankabwera. M'mawa uliwonse belu likalira ankafola mzere, Dona, namwino wachizungu, akuyenda ndi kalumo ndi thonje, aliyense aonetse manja ndi mapazi. Paja wakhate samva kuwawa. Amatha kuponda msomali n'kuyenda nawo tsiku lonse, kapena kugwira mphika wamoto mpaka fungo la mnofu wake womwe limuuze. Wopezeka ndi bala limene sananene ankagona ndi njala.

Amayi anga anabadwira kumeneko mu 1962. Kutenga mimba kuseri kwa waya unali mlandu, agogo anametedwa mpala mzere wonse ukuona. Mwana atabadwa, asanamalize n'kulira koyamba komwe, anamuika m'beseni n'kumutulutsira pawindo, kupita naye kunyumba ya ana opanda nthenda. Mabere a agogo anawamanga ndi nsalu ya kaki mpaka mkaka unauma. Lamlungu potuluka m'tchalitchi azimayi ankaima kuwaya, anamwino n'kudutsa ndi makanda patali, tsidya la waya wachiwiri. Agogo ankati masabata ena ankalirira mwana wa wina, chifukwa onse anali m'matewera ofanana. Wawo anamukhudza koyamba ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mishoni itayamba kutulutsa ochira, ndipo mwanayo anathawa kukabisala kumbuyo kwa namwino.

Amayi atamwalira ine ndili ndi zaka zisanu, agogo ananditenga ngati munthu wolanda chake. Anali aukali, osuta chingambwe, mphuno inalowa, zala zinatsala zitatu m'manja onse awiri. Nthendayo inatha kalekale ndi mapiritsi, koma belu la ku Chitimbe silinawachoke m'mutu. Ndisanapite kusukulu ankandiimika pakhomo: manja, tembenuza, zala, mapazi, yankha. Ine ndinkayesa ana onse amatero. Ndinadziwira kusekondale yogonera konko, m'mawa woyamba, nditaima pambali pa bedi n'kuyalira matroni zikhatho, hositelo yonse n'kufa nalo phwete. Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka mwana wamasiye woleredwa ndi amalume a ku Balaka, ndipo akuchimuna, a kwa Luwayo, amandidziwa choncho. Paukwati agogo sanabwere. Ananena okha kuti, "Ndikakaima pazithunzi ndi manja awa, ng'ombe zikabwerera."

A Overstone okha ndiwo ankadziwa. Ndinapita nawo kwa agogo kamodzi tisanakwatirane. Anakhala pamphasa, anadya mbatata imene agogo anawotcha, ndipo pobwerera m'minibasi anandigwira dzanja nati, "Kwa ine palibe vuto. Koma akwathu asamve, sangamvetse."

Choncho m'mawa uliwonse ndinkayamba ndatseka chitseko cha nambala 14. Ndikapanda kuonetsa manja gogoyo sankalola kusamba, ankakuwa ndi kumenya chitsulo cha bedi ndi kapu. Ndikaonetsa n'kuyankha ankangoti phee. Manijala anandiyamikira pamsonkhano wa antchito, anati ndili ndi mphatso.

Tsiku lina ndikuwapesa tsitsi ndinakoka pang'ono.

"Samala, iwe! Udziwa ndine yani? Ndine Dona Kalumo."

Chipeso chinagwa. Dzina limenelo agogo sankalitchula osalavula. Ndiye ine ndinali nditamusambitsa masabata atatu, kumupukuta pakati pa zala zakumapazi, kumupaka mafuta kumsana kuti asatuluke zilonda. M'mawa wotsatira ndinamusambitsa madzi ozizira a pampopi, mwezi wa Juni, dala. Anatsinzina, mano akugwedera, nati, "Wachita bwino. Madzi ozizira alimbitsa thupi." Ine ndi amene ndinatha tsiku lonse ndikuopa kuti akagwidwa ndi chibayo adzafufuza kuti anamusambitsa ndani.

Lachitatu lililonse kunkabwera mdzukulu wa mchimwene wake, bambo Paterson, wophunzitsa kuyunivesite ku Crawley, munthu waulemu wosachotsa sikafu m'khosi. Ankalemba buku la azakhali akewo, mayi amene anasiya Perth ali mtsikana kukatumikira anthu otayidwa. Ankaika foni patebulo kuti izijambula mawu, ine ndizimasulira.

"Ana tinapulumutsa makumi anayi ndi awiri," Dona anatero tsiku lina, akuyang'ana kudenga. "Pawindo, m'beseni. Akazi aja anali ngati agalu. Mmodzi anandiluma pano."

Anakweza mkono. Pafupi ndi chigongono panali kachipsera kopindika ngati mwezi watsopano. Bambo Paterson anandiyang'ana akumwetulira, cholembera chili m'mwamba. Ndinawauza m'Chingerezi kuti akuti ankawakonda kwambiri ana. Analemba.

Agogo anandiuzapo kuti analuma munthu tsiku limene amayi anabadwa. Koma ankatinso azimayi ambiri analuma.

Tsiku lobadwa la Dona linagwa Loweruka, ndipo bambo Paterson anapempha kuti Amalawi tibwere titavala zakwathu, tidzamuimbire nyimbo ya kutchalitchi. A Eness zoterezi ndiye kwawo. Anaitana amayi anayi a kumpingo kwathu, anasita zitenje, anakazinga mandasi. Ine sinali shifiti yanga, ndinayesa kunena kuti Chiza ali ndi chimfine.

"Chimfine chake chiti, mwana akuseka uyu? Bereka tizipita. Azungu amakonda kuona mwana kumbuyo, amayesa tamumata ndi guluu."

M'holo munali mabaluni ndi keke yaikulu, okalamba atazungulira m'mipando yawo ya matayala. Dona anamukhazika pakati atamuveka kachipewa ka pepala. Tinaimba. Pa vesi yachiwiri Chiza anayamba kulira, ndiye ndinakakhala pakona, kuseri kwa piyano, n'kumuika kubere nditafunda chitenje. Ndinasankha dala malo amenewo kuti asandione.

Nyimbo itatha, anthu akuomba m'manja, ndinamva mawu aja.

"Iwe! Wa kuseri kwa limba. Dza kuno."

Ndinaweramitsa mutu.

"Onetsa manja!"

Anayamba kumenya tebulo ndi supuni, keke ikugwedera. Gogo wina wamwamuna anayamba kulira. Manijala anandiyang'ana ndi maso opempha kuti ndichite zija ndimachita.

"Mlamu, tangowaonetsa manjawo," a Eness anatero akuseka. "Akufuna aone ngati wasamba tisanadye keke."

Ndinaimirira Chiza ali kubere. Ndinayala dzanja limodzi, ndinalitembenuza. Ndimati zathera pomwepo.

"Mapazi."

Ndinanyamula lamanzere, kenako lamanja.

"Yankha!"

Ndikanatha kunena china chilichonse, ndikanangoti zikomo. Koma ndinkadziwa kuti sasiya kukuwa mpaka amve mawu ake, ndipo Chiza anali atayamba kudzidzimuka.

"Palibe bala, Dona. Mulungu wandisunga."

Amayi a kumpingo anagwirana mapewa ndi kuseka. "Eee, amake Chiza, mpaka ndakatulo!" anatero a Dyna, amene amatsogolera nyimbo. Azungu anaomba m'manja osadziwa chimene akuombera. A Eness okha sanaseke. Anandiyang'ana kumapazi, kenako m'manja, kenako pankhope ya mwana.

Dona anali asanathe. Chitenje chinali chitatsetsereka, ndipo anaona.

"Wa kuseri kwa waya uyu! Wampatsa mwana ndani? Chotsani mwana! Mangani mawere! Msanga!"

Ankayesa kudzuka pampando, kachipewa katapendekeka. Antchito awiri anamugwira. A Eness anabwera kwa ine pang'onopang'ono, atavala nkhope ya kuntchito.

"Bweretsa mwana, kuti gogoyu akhale chete."

Sanadikire kuti ndimuchotse bwino. Anamukoka, bere linatuluka mkamwa ndi kaphokoso, mkaka unadonthera pansi. Dona anatsamira pampando, napuma, nati, "Wotsatira."

Bambo Paterson anafunsa chimene azakhali anena. A Eness anayankha m'Chingerezi chawo chosalala kuti akuti mwanayo ndi wokongola.

Keke ikudulidwa ndinapita kubafa kukakonza bulauzi. Nditatuluka a Eness kunalibe, Chiza kunalibe, pamene tinaimika galimoto panali mpata. Ndinakwera basi ndi chitenje chopanda mwana m'manja.

Ndinawapeza kukhitchini ataima pasinki. Timabotolo tanga tonse ta mufiriji, khumi ndi tinayi, anali atatitsegula, akuthira madzi otentha kuti mkaka usungunuke upite. Patebulo panali chitini chatsopano cha mkaka wa kusitolo. Chiza ankalira kuchipinda kwawo, chitseko chili chokhoma.

"Alamu, mwana sanamalize kuyamwa."

"Khala pansi, Emelda." Dzina langa anali asanalitchule chibadwire Chiza. "Ine pophunzira unamwino, chaka chachiwiri, anatitumiza kukachipatala ka pafupi ndi Chitimbe. Kunkabwera okalamba aja opanda zala kudzatsukitsa zilonda. Ukangoti 'tione', ankayamba: manja, mapazi, 'palibe bala, Dona.' Tinkawaseka. Makapu awo onse anali ndi tinsanza." Anayang'ana pashelefu. "Chaka ndi theka ndakhala ndikuyang'ana makapu amenewa ngati chitsiru. Anakuphunzitsa ndani?"

"Ndi gogo yemweyu, alamu. M'mawa uliwonse amandiuza kuti..."

"Makapuwa anakumangiranso ndi gogo yemweyu? Bweretsa foni."

Ndinapereka. Nambala ya apolisi a kuno ndimaidziwa, ndi maziro atatu basi. Koma viza yanga inapachikika pa ya a Overstone, ntchito yanga pa a Eness, ndipo kumpingo amayi amanena kuti kuno ukangolowetsa boma m'nyumba, mwana amapita kwa azungu osamuonanso. Kaya ndi zoona kaya ndi zokamba chabe, sindinafune kuyesera pa Chiza.

Anafufuza mpaka pansi penipeni pa zithunzi. Chinalipo chimodzi, china ndinalibe: tsiku limene ndinakatsanzika, agogo atakhala pakhonde, ine nditagwada pambali, iwo atandikoleka mkono m'khosi. Dzanja likuoneka lonse. Agogo alibe foni, ndipo kamera amadana nayo. Tsiku limenelo analola chifukwa ndinalira.

"Uyu ndani?"

Anaika foni yanga m'thumba mwawo.

"Tiye."

Ananditengera kochapira zovala, kumene kuli getsi lowala kwambiri, nandiuza kuti ndivule. Anavala magolovesi a kuntchito. Anandiyang'ana msana, matako, nsidze, kuseri kwa makutu. Kenako anati nditsinzine, n'kumandikhudza ndi kathonje. "Apa? Apa? Nanga apa?" Ndinamva paliponse, ndinaloza paliponse. Mkaka unkatsika pamimba panga kukadonthera pamatailosi.

"Ulibe kanthu," anatero akuvula magolovesi.

"Ndiye ndipatseni mwana."

"Ine ndine namwino, Emelda, usandione ngati mbuli. Ndikudziwa kuti si nthenda ya kumtundu. Ndikudziwa kuti mankhwala alipo, miyezi ingapo munthu wachira. Koma mwana uyu si wako wekha ayi. Ndi wa kwa Luwayo, ng'ombe zinapita. Amama amve okha, mwini wake amve yekha. Mawa tikaweruka kutchalitchi."

Kutchalitchi anapita ndi Chiza, ine anati ndipume. Mabere anali atalimba ngati maungu aawisi, akutentha mpaka m'khwapa. Ndinafinyira musinki. A Overstone ndinawaimbira kanayi pafoni ya m'nyumba, inangoitana. Ndinkayenda kuchoka pawindo kupita pachitseko, kuchoka pachitseko kupita pawindo, ndikuganiza zimene a Eness akuuza amayi aja pofunsidwa kuti amake mwana ali kuti.

Cha m'ma 3 koloko masana, ku Lilongwe kutacha bwino, a Eness anaimika tabuleti patebulo poitsamiritsa kuchitini cha mkaka chija. Mbali imodzi kunali apongozi anga ali pakhonde ku Area 25, atamanga duku loyera la kumvano. Mbali ina a Overstone ali m'kachipinda kawo ka kumgodi, malaya a olenji, fumbi lofiira m'tsitsi. Chiza anamutsekera kuchipinda. Ankalira kulira kwa mwana wotopa, kodukizadukiza.

A Eness anafotokoza zonse mwandondomeko ngati akupereka lipoti la shifiti. Kenako anayandikitsa chithunzi kukamera.

Apongozi anasendeza nkhope. "Mayo ine. Mphuno ili kuti?" Anabweza nkhope m'mbuyo. "Kwathu ku Mzimba, ife tili ana, munthu wotere akafa sankalowa m'manda. Ankakamusiya kuphanga n'kutseka ndi minga. Overstone, mayi uyu ukumudziwa?"

Ndinayang'ana mwamuna wanga. Iwo ankayang'ana penapake pamwamba pa kamera.

"Netiweki ikuvuta kuno. Mwati bwanji, amama?"

"Ndati ukumudziwa?"

"Ine anandiuza kuti ndi wamasiye. Amalume ake aja ndi amene ndikuwadziwa." Anakanda m'khosi. "Ameneyo sindinamuonepo."

Mbatata anadya ziwiri tsiku lija, n'kupempha yachitatu.

"Chabwino," apongozi anatero, mawu ali ofewa ngati akupemphera. "Amake Chiza, mwana wanga, ife sitikukuthamangitsani ayi. Tikungofuna choona. Ngati ndi magazi anu, mwana abwere kuno ndidzalere ndekha, Eness akubwera mu Ogasiti, inu muzigwira ntchito yanu bwinobwino. Ngati si magazi anu, nkhani yatha. Ndi ndani wanu mayi ameneyu?"

Kuchipinda Chiza anakhosomola, n'kuyambiranso. Bulauzi yanga inanyowa mbali zonse ziwiri. A Eness anaona, nayang'ana kumbali.

"Palibe ubale," ndinatero. Mawu anatuluka bwinobwino, osanjenjemera. "Ndi mayi wina wopemphetsa wa pafupi ndi sukulu yathu. A bungwe la achinyamata kutchalitchi ankatituma kukamutungira madzi. Chithunzicho anachifuna ndi abusa, cha lipoti."

"Nanga mawu aja?" a Eness anafunsa. "Nanga makapu?"

"Makapu ndinaonera kwa iye, ndinaona kuti ndi nzeru. Mawuwo tinkangomutsanzira. Ankanena yekhayekha m'mawa ngati wamisala, ife ana n'kumamutsanzira pobwerera."

"Kumutsanzira bwanji?" apongozi anafunsa. Nkhope inali itamasuka pang'ono. "Tatsanzirani tione."

Ndinayang'ana a Eness. Anakankhira mpando kumbuyo kuti ndipeze malo.

Ndinaima pakati pa khitchini. Ndinapinda zala n'kusiya zitatu, ziwiri kumanja, chimodzi kumanzere. Ndinkadziwa kuti ndi ziti. Ndinakoka phazi lamanzere mmene amalikokera, likukhula pansi. Ndinatulutsira mawu m'mphuno, osasa, ndi kachifuwa kawo ka fodya pakati. Ndinaonetsa mmene amanyamulira kapu ndi zikhatho ziwiri, mmene amalumira mfundo ya chitenje ndi mano kuti imangike, mmene amapempherera manja osakumana bwino. Palibe munthu pansi pano amene akanawatsanzira kuposa ine. Ndinawaonerera zaka zisanu ndi zinayi.

Apongozi anayamba ndi kumwetulira, kenako anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya duku. "Iii, mwana uyu! Eness, mlamu wakoyu ndi wazisudzo! Bwerezani poyenda paja!" Ndinabwereza, kuchoka pafiriji kukafika pasinki. A Overstone anaseka nawo, mochedwa, kuseka kwa munthu amene galimoto yangomudutsa pafupi.

"Wachibale sangatero," apongozi anatero atapuma. "Munthu sangatero ndi magazi ake. Eness, wangomuvutitsa mwana wa eni. Kamtengere mwana wake."

A Eness anandiyang'ana nthawi yaitali. Ankadziwa. Ndinaona kuti akudziwa, iwonso anaona kuti ndaona. Anatulutsa kiyi m'thumba la diresi ya kutchalitchi, napita.

Chiza anabwera atatupa maso, akununkha mkaka wa m'chitini. Anagwira bere ndi manja onse awiri n'kuyamba kumeza mopupuluma, akundiyang'ana mokwiya. Ululu unandifika mpaka kumsana.

"Koma chithunzicho fufutani," apongozi anatero. "Mafoni amagwidwa ndi anthu ambiri, wina angaganize zina."

A Eness anandiikira foni pabondo. Ndinafufuta ndi chala chachikulu cha dzanja limene silinagwire mwana.

"Ndi mubini momwe, mlamu," anatero. "Mafoni awa amasunga masiku makumi atatu."

Ndinalowa mubini, ndinafufutanso.

"Eya. Tsopano senderani kuno, ndimuone mdzukulu wanga akudya."

Ndinakokera mpando kufupi ndi tebulo, ndinatsitsa chitenje pang'ono kuti nkhope ya Chiza ioneke.